Harira: msuzi wakumwa womwe ndi chakudya pawokha

Achinyamata anzathu, ambiri a ife dziko la Morocco tinalidziwira pa mpira. Pa 25 Januwale 2022 timu yathu ya Flames inakumana ndi Morocco mumzinda wa Yaoundé ku Cameroon. Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chapatali chomwe sichiiwalika, ngakhale tinagonja 2-1. Chaka chomwecho Morocco inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika m'ndime ya masemifainolo pa mpikisano wa dziko lonse ku Qatar. Koma lero tisiye kaye za mpira, tilowe m'khitchini mwa anthu amenewa. Ali ndi msuzi wina wotchedwa harira umene ungatiphunzitse kanthu kuno ku Chitipa.

Kodi harira n'chiyani?

Kwathu kuno tikati msuzi timanena timadzi ta ndiwo tosunsira nsima. Harira ndi wosiyana. Ndi msuzi wokhuthala, wakumwa ndi supuni m'mbale yakuya, umene ena angautche supu. Mumakhala matimati, anyezi, tchana, mphodza, masamba onunkhira, mpunga kapena timakaroni tating'ono, ndi zokometsera monga jinja, chikasu, tsabola ndi sinamoni. Ena amaikamo tizidutswa ta nyama ya nkhosa kapena ya ng'ombe, ena saikamo. Pomaliza amathiramo ufa wosungunula m'madzi kuti msuziwo ukhale wosalala. Dzina lake likuchokera ku mawu a Chiarabu otanthauza nsalu yofewa ya silika.

Eni ake ndi anthu a ku Morocco ndi Algeria. Kumeneko kuli mitundu iwiri ikuluikulu yomwe yakhala limodzi kwa zaka zoposa 1,000. Pali Aberber, omwe eni ake amadzitcha Imazighen, ndipo ndiwo anali nzika zoyamba. Chilankhulo chawo cha Tamazight chinavomerezedwa kukhala chilankhulo cha boma ku Morocco m'chaka cha 2011. Pali Aluya, omwe anafika m'zaka za m'ma 600 ndipo anabwera ndi Chisilamu. Matimati anabwera mochedwa, kuchokera ku America kudzera ku Spain, chaka cha 1500 chitadutsa. Choncho harira wakhala akusintha malinga ndi zomwe anthu ali nazo. Ifenso sitilakwa kumuphika ndi zakumunda kwathu.

Msuziwu umadziwika kwambiri m'mwezi wa Ramadan, pamene Asilamu sadya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Chakudya chomasulira kusalako ku Morocco amachitcha ftour, ndipo mawuwa ndi apachibale ndi futali wathu uja wa mbatata kapena maungu otendera, amene dzina lake linatifika kudzera m'Chiswahili. Taganizani: munthu wakhala tsiku lonse osalawa kanthu, kukhosi kwauma, m'mimba muli pululu. Sangayambe ndi chakudya cholimba. Amafuna chofunda, chamadzimadzi, chosavuta kumeza, koma chopatsa mphamvu. Harira amagwira bwino ntchito imeneyi.

N'chifukwa chiyani tikukamba za harira ku Chitipa?

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Vuto n'lakuti m'makomo ambiri mbale imadzadza nsima, ndiwo n'kungokhala zolawa. Mu mphika umodzi wa harira mumalowa magulu 5, ndipo mukaponyamo kanyama kapena dzira akwana onse 6.

Zambiri zofunika tili nazo kale. Nyemba timalima tokha, ku Misuku ndi madera ena. Matimati, anyezi ndi mpiru zili m'madimba. Mpunga wa Kilombero umachokera kwa anansi athu ku Karonga. Ufa wa mawere kapena wa mgaiwa ungalowe m'malo mwa ufa wa tirigu. Tchana ndi mphodza zikasowa, nyemba, khobwe, nandolo kapena nzama zigwira ntchito yomweyo. Pofuna zokometsera kumsika, ogulitsa ena amazidziwa ndi maina a ku Tanzania: jinja ndi tangawizi, sinamoni ndi mdalasini. Ndipo amene anagonapo ku Chisenga kapena ku Nthalire mwezi wa Juni kapena Julayi akudziwa kufunika kwa chakudya chotentha madzulo.

Zofunika (za anthu 6)

• Makapu 2 a nyemba, khobwe kapena nandolo, kapena kusakaniza
• Anyezi 2 akuluakulu
• Matimati 6 akupsa bwino
• Makaroti 2 kapena chibenthu cha dzungu
• Manja awiri a bonongwe, nkhwani kapena mpiru
• Theka la kapu ya mpunga
• Masupuni aakulu 3 a mafuta ophikira
• Masupuni aakulu 3 a ufa
• Jinja wamkulu ngati chala chachikulu, ndi timano 3 ta adyo
• Supuni yaing'ono imodzi ya chikasu, ndi kasinamoni ngati alipo
• Mandimu 2, mchere wa ayodini ndi tsabola pang'ono
• Malita 3 a madzi aukhondo

Kaphikidwe kake

1. Sankhani nyemba, zitsukeni ndi kuziviika m'madzi usiku wonse. M'mawa tayani madziwo. Nyemba zoviika zimapsa msanga, nkhuni sizitha zambiri, ndiponso sizitupitsa m'mimba kwambiri.

2. Ziikeni pamoto m'madzi atsopano. Zibwate mwamphamvu kwa mphindi 10 zoyamba, kenaka chepetsani moto mpaka zifewe. Musathire soda kapena chidulo chifukwa zimapha mavitamini ena. Musathirenso matimati nyemba zisanafewe, pakuti kuwawasa kwa matimati kumazilimbitsa khungu.

3. Mu mphika wina tenthetsani mafuta ndi kukazinga anyezi pamoto wochepa mpaka afote, osapserera. Thiranimo jinja ndi adyo wosinja, chikasu ndi sinamoni, n'kutakasa kwa mphindi imodzi. Apa ndi pagona chinsinsi. Fungo la zokometsera limatuluka bwino m'mafuta kusiyana ndi m'madzi, koma zikapserera msuzi wonse umawawa. Ngati muli ndi nyama, iduleni ting'onoting'ono ndi kuikazingira pamodzi.

4. Thirani matimati osenda ndi kuphwanya, aphike mpaka asanduke phala lofiira. Onjezani makaroti kapena dzungu.

5. Khuthulirani nyemba zija ndi madzi ake omwe. Onjezani madzi, mchere ndi mpunga. Ziphike kwa mphindi 20.

6. Sungunulani ufa m'kapu ya madzi ozizira mpaka pasakhale zibuluma. Ku Morocco kaphala aka amakatcha tadouira. Kathireni pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi mthiko, monga timachitira poyamba phala. Pitirizani kutakasa kwa mphindi 10 kuti ufa upse ndiponso usagwire pansi. Msuzi wabwino umamatirira pang'ono ku supuni koma umamweka. Ukalimba ngati phala la mwana, onjezani madzi otentha.

7. Masamba oduladula alowe pomaliza, aphike mphindi 5 zokha akadali obiriwira.

8. Phulani. Aliyense afinyire ndimu m'mbale yake.

Ndimuyo si wongokometsa. Vitamini C wa m'mandimu ndi m'matimati amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, amene amafunika popanga magazi. Atsikana ndi amayi oyembekezera amafuna ayironi wambiri. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironiyo, choncho ndi bwino kudikira ola limodzi musanamwe tiyi. Nyemba ndi mpunga zikakumana zimathandizananso, chifukwa zomanga thupi zomwe zikuchepa mwa china zimapezeka mwa chinzake.

Pamene pakhomo pali wodwala

Ambiri m'makalabu mwathu timayendera odwala kapena tikusamala kholo, gogo kapena m'bale. Tikudziwa momwe zimapwetekera mtima kuona mbale ya nsima ikubwerera osakhudzidwa. Munthu wofooka ali ngati uja wasala tsiku lonse, amafuna chofewa ndi chofunda. Mupatseni kakapu kamodzi pafupipafupi m'malo mwa mbale yaikulu kamodzi. Ngati ali ndi zilonda m'kamwa kapena kukhosi, musaike tsabola ndi ndimu, chepetsani matimati, potani msuziwo kuti usalale ndipo uyambe wazirala. Ngati akutsegula m'mimba, chotsani makoko a nyemba monga timachitira pophika chipere, chepetsani mafuta, ndipo musaleke kumupatsa thanzi ORS. Ngati waonda kwambiri, onjezani nsinjiro kapena menyerani dzira mu mphika msuzi ukubwata, monga amachitira mabanja ena ku Morocco.

Tinene mosabisa: msuzi si mankhwala. Jinja, adyo ndi chikasu zimakometsa chakudya ndi kudzutsa chilakolako cha kudya, koma sizichiza EDZI, TB kapena malungo. Yemwe ali pa ma ARV apitirize kumwa tsiku lililonse monga anamulangizira kuchipatala. Chakudya chabwino chimathandizana ndi mankhwala, sichilowa m'malo mwake.

Ukhondo nawo tisauiwale. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe kuphika ndi musanadyetse wodwala. Msuzi wa nyemba suchedwa kusasa, choncho phikani wokwanira tsiku limenelo. Wotsala uvindikireni, ndipo ubwatitseninso musanadye. Ukayamba thovu kapena fungo lachilendo, tayani.

Anyamata, nkhaniyi ndi yanunso. Mthiko suluma dzanja la mwamuna, ndipo tsiku lina wodwala pakhomo adzakhala mayi kapena mlongo amene amakuphikirani lero.

Zokambirana ku kalabu

• Dzulo kunyumba kwanu munadya magulu angati a zakudya mwa 6 aja?
• Ndi zinthu ziti pa mndandandawu zomwe sizipezeka m'dera lanu, ndipo mungaike chiyani m'malo mwake?
• Kodi kalabu yanu ingathe kulima jinja, adyo ndi chikasu padimba lake?

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi chinthu chimodzi, wina kapu ya nyemba, wina anyezi, wina nkhuni. Phikani mphika umodzi, lawani nonse, ndipo mbale yoyamba mukapereke kwa wodwala kapena gogo wa m'mudzi mwanu.