Alexander Low Bruce ndi Dziko la Magomero

Lero ndikuuzani za munthu amene anali mwini wa Magomero, koma sanapondeko ndi kamodzi komwe.

Alexander Low Bruce anabadwa ku Scotland m'caka ca 1839. Cuma cace anacipeza pa malonda a mowa ku Edinburgh. Mu 1875 anakwatira Agnes, mwana wa David Livingstone, naika ndalama zace m'kampani ya Mandala, imene inali kuyendetsa sitima pa Shire ndi pa nyanja. Mwa njira imeneyi anapata dziko kuno, maekala oposa 150,000. Anamwalira mu 1893.

Ana ace anayamba kulimitsa thonje, pambuyo pace fodya. Anthu okhala pamenepo, ambiri a iwo Alomwe, anali kulipira malo pogwira nchito: ndiye thangata uja. Kuwawa kwace kunathandiza kuutsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915.

Itatha nkhondo yaciwiri, Boma linagula mbali yaikuru ya dzikolo nilikhazikapo anthu. Tsono inu olima kumeneko, kumbukani kuti makolo anu anaivutikira nthaka imeneyo. Limani mizere yopingasa, kuopa kuti mvula ingaikokolole.