Nyali ya Armenistis ndi Amalinyero a ku Mykonos

Mu 1887 sitima ya ku Britain yotchedwa Volta inamira kumpoto kwa chilumba cha Mykonos, m'dziko la Greece, ndipo anthu 11 anafera pomwepo. Ngozi imeneyi ndiyo inachititsa kuti pamalo otchedwa Armenistis pamangidwe nsanja ya nyali yolondolera sitima usiku, yomwe inayamba kuwala mu 1891. Makina a nyaliyo, opangidwa ku France, anagwira ntchito mpaka 1983. Atachotsedwa sanatayidwe ayi. Lero ali m'bwalo la Aegean Maritime Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya zapanyanja m'tauni ya Mykonos.

Ambiri amadziwa Mykonos chifukwa cha alendo okasangalala m'mphepete mwa nyanja. Koma alendowo asanayambe kubwera, anthu a pachilumba chamiyalachi ankadalira zombo. Ulimi unali wochepa, choncho amuna ankapita kunyanja kukachita malonda, akulimbana ndi meltemi, mphepo yakumpoto yomwe imazunza amalinyero a kumeneko monga mwera uzunzira asodzi pa nyanja ya Malawi. Pankhondo yomenyera ufulu wa dziko la Greece ya 1821, mayi Manto Mavrogenous anawononga chuma chake pokonzekeretsa zombo zankhondo kuchokera pachilumbachi.

George Drakopoulos, mwana wa pachilumba pomwepa, ndiye anatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya zapanyanja ija mu 1985, m'dera la Tria Pigadia, m'nyumba yakale ya kaputeni Nikolaos Sourmelis. M'kati muli tizombo tosema tosonyeza mmene luso lokhoma zombo linasinthira kuyambira makedzana, mapu akale, zida zopezera njira panyanja, ndalama zachitsulo zojambulidwa zombo, ndi mitsuko yomwe ankanyamuliramo vinyo ndi mafuta.

Komabe chogwira mtima kwambiri chili panja. Pafupi ndi nyali ija pali miyala ya pamanda yosemedwa potengera yakale ya ku zilumba za Mykonos ndi Delos, yokumbukira amalinyero omwe anapita osabwerera. Drakopoulos anachita bwino kuiika pamenepo, chifukwa mbiri ya nyanja yongoonetsa zombo zokongola, osatchula omwe anamira, ndi yoperewera.

Nyumbayi inapulumutsanso zombo ziwiri zenizeni. Evangelistria ndi chombo chamatabwa chamatanga, cha mtundu wa perama, chomwe chinakhomedwa pachilumba cha Syros mu 1940, ndipo chinkanyamula katundu pakati pa zilumba. Chinzake ndi Thalis o Milisios, sitima yoyala mawaya a telefoni pansi pa nyanja, yopangidwa ku America mu 1909.

Owerenga amene adzakhale ndi mwayi wofika ku Greece adziwe kuti Thalis o Milisios siili ku Mykonos. Imakocheza pa doko la Faliro, pafupi ndi mzinda wa Athens.