Nkhuku Zogona M'nyumba ku Peckham

Ku Peckham, dera la m'boma la Southwark kummwera kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London, anthu ambiri amakhala m'nyumba zosanjikizana kapena zogundana zokhala ndi kabwalo kakang'ono kuseri, ndipo kuchepa kwa malo pamodzi ndi nkhandwe zimene zimayendayenda mumzindamo usiku kumachititsa ena okonda nkhuku kuzilowetsa m'nyumba. Kwa Mmalawi amene anakulira pamudzi pomwe nkhuku zimagona kukhitchini, zimenezi si zachilendo; chachilendo n'chakuti nkhukuzi saziwetera ndiwo, koma amazisunga monga mmene ena amasungira mphaka.

Nkhuku zimene zimakwana m'moyo wotere ndi za mtundu wa bantam, zazing'ono thupi, zimene zimakumbutsa simboti wa kumudzi, ndipo dzina lake linachokera ku doko la Banten pachilumba cha Java. Yaing'ono kwambiri ndi Serama ya ku Malaysia, imene nthawi zambiri sifika theka la kilogalamu, pomwe Pekin ndi Silkie zimakondedwa chifukwa ndi zofatsa ndipo zimalola kunyamulidwa.

Vuto lalikulu limabwera pamene mwini wake agula nkhuku imodzi poganiza kuti iye adzaikwanira, chifukwa nkhuku ndi mbalame ya m'gulu. Katswiri wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, anafotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 kuti nkhuku za m'khola limodzi zimadziwana iliyonse payokha ndipo zimakhala ndi dongosolo la ukulu, momwe yamphamvu imajompha yofooka n'kuyamba kudya, ndipo dongosololi likakhazikika ndewu zimachepa. Chimene ambiri saganizira n'chakuti m'kati mwa dongosolo lomweli mumakhalanso kugwirizana: misoti yokulira pamodzi imakonda kugona moyandikana pamtanda, imasamba m'fumbi nthawi imodzi, imapalasa malo amodzi, ndipo ina ikaona zoopsa imachenjeza inzake ndi kulira kosiyana malinga ndi kumene mdani akuchokera, kaya kumwamba kapena pansi. Munthu, ngakhale aikonde bwanji nkhuku yake, sangachite nayo zimenezi, ndipo nkhuku yotsala yokha inzake itafa kawirikawiri imalira mosalekeza ndi kuchepetsa kudya. N'chifukwa chake oweta odziwa amayamba ndi zitatu, kuti imodzi ikafa ziwiri zitsale, ndipo akabweretsa yatsopano amayamba aitsekera payokha pomwe inzake zikuiona koma sizingaijomphe.

Malamulo a ku England amavomereza mfundo imeneyi, pakuti lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limafuna kuti mwini chiweto achipatse mpata wochita zimene chimachita mwachibadwa, kuphatikizapo kukhala ndi zinzake ngati ndi chiweto cha m'gulu. Kuyambira pa 1 Okotobala 2024, aliyense wosunga nkhuku, ngakhale imodzi, ayenera kulembetsa ku bungwe la boma la APHA, pomwe kale lamuloli linkakhudza okhala ndi mbalame 50 kapena kuposerapo, ndipo cholinga chake ndi kulimbana ndi chimfine cha mbalame. Kupatsa nkhuku makombo a kukhitchini n'koletsedwa, chinthu chimene chingadabwitse mayi wa ku Dedza amene amatayira nkhuku zake mkute m'mawa uliwonse. Tambala naye salandiridwa kawirikawiri, chifukwa anansi akhoza kukadandaula ku khonsolo za phokoso.

Chovuta china ndi ukhondo, popeza nkhuku siiphunzira kudzithandiza pamalo amodzi, zitosi zake zimatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella, ndipo nthenga zake zimatulutsa fumbi losautsa anthu a mphumu. Ena amaziveka matewera ansalu, koma thewera silithetsa kufunika kwa dzuwa, dothi lopalasa ndi mdima wokwanira usiku, zimene chipinda chowala magetsi mpaka pakati pa usiku sichingapereke.