Kodi Laputopu ya Madola 100 Inathera Kuti?

M'mwezi wa Januwale 2005, pa msonkhano wa zachuma ku Davos, a Nicholas Negroponte a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America analengeza kuti apanga laputopu ya madola 100 okha. Cholinga cha bungwe lawo la One Laptop per Child chinali chakuti mwana aliyense wa m'mayiko osauka akhale ndi kompyuta yakeyake.

Kompyutayi, yotchedwa XO, inapangidwa poganizira moyo wa kumidzi. Inali yolimba, yosadya magetsi ambiri, ndipo mwana ankatha kuwerenga zolembedwa pa sikirini yake ngakhale padzuwa. Inkayendera pulogalamu yaulere ya Linux. Yoyamba imene inaonetsedwa ku Tunis mu Novembala 2005 inali ndi chopukusira magetsi pamanja, koma chinachotsedwa asanayambe kupanga zambiri.

Kampani ya Quanta ya ku Taiwan itayamba kupanga makompyutawa chakumapeto kwa 2007, mtengo wake unali utafika pafupifupi madola 188. Maboma ena amene anaonetsa chidwi poyamba anabwerera m'mbuyo, pomwenso kampani ya Intel inkatsatsa kompyuta yake ya Classmate m'mayiko omwewo.

Komabe mayiko ena anagula. Pofika 2009, dziko la Uruguay linali litapereka laputopu kwa mwana aliyense wa m'sukulu za pulayimale za boma. Peru inagula zikwi mazanamazana, ndipo kuno ku Africa, Rwanda inakhazikitsa ndondomeko yake mu 2008.

Nanga anawo anaphunzira bwino? Kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inatulutsa mu 2012, wochokera m'sukulu 319 za kumidzi ku Peru, anapeza kuti anawo anaidziwa bwino kompyuta ndipo luso lawo la kulingalira linakulako, koma m'mayeso a masamu ndi a chiyankhulo sanapose anzawo amene analibe laputopu. Aphunzitsi ambiri anali asanaphunzitsidwe mokwanira, intaneti inali yosowa, ndipo makompyuta owonongeka ankangokhala osakonzedwa.

Uruguay inaika ndalama zinanso pa intaneti ya m'sukulu, pa kukonza zowonongeka ndi pa maphunziro a aphunzitsi, ndipo ntchitoyo inakhazikika. Boma lililonse la m'chigawo chino lofuna kugula zipangizo zotere liyenera kuwerengeratu ndalama zimenezi, chifukwa mtengo wa kompyuta ndi gawo chabe la zonse zofunika kulipira.