Nsomba yacilendo iyambe yagona m'dramu

Masiku ano ku Chipata ukafunsa munthu amene watenga penshoni kuti ndalama aziika kuti, theka la mayankho ndi nsomba. Nkhuku zadula cakudya, fodya afuna mphamvu, ndiye aliyense ati ndikumbe ka damu kuseri kwa nyumba kapena kudimba. Ndaona madamu otere m'mbali mwa Lutembwe, ku Chiparamba, ngakhale m'mayadi a ku Kalongwezi. Nchito ni yabwino, sindikana. Koma anthu amaphunzira kukumba, kugula mbeu ndi kudyetsa, osaphunzira cinthu cimodzi cochipa kuposa zonse: kupatula nsomba yatsopano isanalowe kwa zinzake.

Nzeru imeneyi ndinaimva bwino kwa anthu amene sadya n'komwe nsomba zao. Ku Johannesburg, ku London ndi kwina kuli anthu osunga nsomba za m'nyanja ya mcere m'mabokosi a galasi, zongoyang'ana cabe. Kansomba kamodzi kamadula kuposa thumba la unga. Munthu wotere akagula katsopano sakaponya m'bokosi lalikulu, iyai. Kamayamba kakhala pakokha m'kathanki kopanda zokongoletsa kwa milungu inai kapena kuposa, iye akukayang'ana m'mawa ndi madzulo. Cimene amaopa kwambiri ni matenda a timadontho toyera, ooneka monga wina wawaza mcere pathupi pa nsomba. Mankhwala ao ambiri ali ndi kopa, yemweyu wa ku Copperbelt, ndipo kopa amapha nkhanu, nkhono ndi zamoyo zina za m'bokosi lalikulu. N'cifukwa cake cipatala ca nsomba cimakhala pambali.

Nsomba zathu za m'madzi opanda mcere zili ndi matenda ofanana nao, oyamba ndi kacilombo kena kapacibale m'makhalidwe. Apa mvetserani bwino, cifukwa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Kadontho koyera kamene muona ni kacilombo kobisala pansi pa khungu, ndipo pamenepo mankhwala sakafika. Kakakhuta kamagwa pansi pa madzi, n'kudzitsekera m'kacikwa, n'kugawikana kukhala tiana mazanamazana. Tianato tikatuluka timasambira kufuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza m'masiku awiri kapena atatu timafa. Nthawi yokha imene mungatiphe ni imeneyo, tili poyera. Manje munthu amathira mankhwala tsiku limodzi, mawa madontho acepa, ati yacira. Sinacire, abale. Tizilombo tangotsika kukaswana. Madzi akazizira ulendo wao wonse umacedwa, ndiye mu June ndi July thandizo liyenera kupitirira milungu iwiri kapena itatu, osati masiku atatu.

Coseketsa n'cakuti ife ndi anzathu a magalasi timacita zosiyana pa mdani wofanana. Iwo amacepetsa mcere m'madzi kuti kacilombo ka m'nyanja kafe. Ife timaonjezera. Magalamu 3 a mcere pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti dramu ya malita 200 ifuna magalamu 600, kuposa pang'ono theka la paketi ya kilo. Ma bream amaupirira bwino mcere wotere. Mlamba ulibe mamba, muziupatsa pang'onopang'ono mukuona mmene ukucitira. Madzi a pampopi ayambe agona usiku kuti klorini icoke. Musadzaze dramu ndi nsomba monga basi ya ku Mchini pa 17 hours, mpweya udzatha, ndipo muzisintha gawo la madzi tsiku lililonse n'kubwezera mcere wolingana ndi madzi amene mwathira.

Mlamu wanga wina ali ndi madamu awiri kumudzi. Caka cina mnzake anam'patsa tiana ta nsomba m'baketi, taulere, ndipo taulere sitifunsidwa mafunso. Anatithira m'damu madzulo omwewo pamodzi ndi madzi ake. Patapita mlungu ndi theka nsomba zinayamba kudzikhula kumakoma, kusiya kudya, kuunjikana pamene pamalowera madzi zikutsegula pakamwa. Pomwe anandiitana, ana anali kutola zakufa m'mawa uliwonse. Ndinam'funsa kuti, "Alamu, nanga dramu ija ya kuseri inali ya ciani?" Anati inali ndi cimanga. Damu laciwiri linapulumuka pa cifukwa cimodzi cabe: ukonde unali utang'ambika, ndiye sanaugwiritse nchito uku ndi uku.

Koma madontho oyera ni matenda aang'ono tikawayerekeza ndi amene anafika pakhomo pathu mu July 2020. Ku Mchinji, kungodutsa pa Mwami, nsomba za m'madamu ndi m'mitsinje ya kumeneko zinayamba kufa ndi zilonda zofiira, zina zakuya mpaka mnofu kuonekera. Anapeza kuti ni matenda ochedwa EUS, ndipo boma la Malawi linaletsa kugwira, kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'deralo. Matendawa si acilendo kwa ife a Zambia. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, ndipo muno mu Africa anatulukira mu mtsinje wa Chobe ndi Zambezi m'zaka za 2006 ndi 2007, n'kuvutitsa asodzi a ku Sesheke ndi madera ena a Western Province. Amayamba ndi cuku ca m'madzi cimene cimaboola khungu n'kumera mkati mwa mnofu. Cimakonda madzi ozizira, ndi madzi owawasa amene amabwera mvula yamphamvu ikakokolola nthaka. Milamba ndi matemba zimagwidwa msanga.

EUS ilibe katemera, ndipo nsomba ikacita zilonda zakuya palibe mankhwala oibweza. Cimene mlimi angacite ni kuthira laimu ndi mcere kuti madzi akhale bwino ndi kuti zotsala zilimbe, kucotsa zakufa n'kuzikwirira kapena kuziocha, ndipo akakolola aumitse damu padzuwa mpaka matope ang'ambike, athire laimu, ndiye aikemo madzi ena. Cuku cimeneci sicifuna pasipoti. Cimayenda m'baketi ya mbeu, pa ukonde wonyowa, pa gambutsi, pa njinga imene yadutsa njira za kumbali kwa boda. Amene mudziwa Mwami mudziwa kuti njira zimenezo ni zingati. Ine ndiye ndimadabwa ndi munthu amene amakana kubwereketsa foni yake koma ukonde amabwereketsa mudzi wonse. Ukonde ukabwera kucokera kwina, uviikeni m'madzi a Jik, muutsuke bwino, uume padzuwa tsiku lathunthu.

Cina cimene cimandinyansa ni ca ma kapisozi. Nsomba zikadwala, wina amathamangira ku kantemba kukagula mankhwala a anthu kapena a nkhuku n'kukhuthulira m'damu. Ma antibiotic sapha kacilombo ka madontho oyera, sapha nsabwe za nsomba, sapha cuku. Mumangotaya ndalama, n'kusiya mankhwala m'mnofu umene ife tidzagula pa Kapata Market kapena pa Saturday Market. Ndipo madzi a m'dramu ya odwala musatayire mu ngalande yopita kumtsinje, thirani pa nthaka youma kutali ndi dimba la mnzanu.

Kwa inu amai ndi atate amene simuweta koma mumagula ndiwo pobwerera kunyumba, akatswiri amati cuku ca EUS sicidwalitsa munthu, koma cilonda cotseguka cimaitana mabakiteriya ena, ndiye nsomba ya zilonda isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Ndipo inu a madamu, mukaona nsomba zikufa zambiri pa masiku ocepa, musayambe kuziyanika kuti mubweze kangacepe. Pitani ku ofesi ya Fisheries ya m'boma lanu mutanyamula ziwiri kapena zitatu zodwala koma zikali zamoyo, m'baketi ya madzi a m'damu lomwelo. Yakufa dzulo imaola msanga, tizilombo timaicoka, ndipo woipima sadzapezapo kanthu.