Kacipangizo ka miyendo itatu kamene kamauza madzi kopita

Paliponse pamene akonza mseu mu Lusaka, anthu amaimilila kuonelela. Ana a sukulu amacedwa, makondakitala amatulutsa mitu pa windo, maso onse ali pa cimakina cokumba ndi cigileda. Pambali pang'ono pamakhala munthu wovala cisote colimba, atawelama pa kacipangizo ka miyendo itatu, akusuzumila mnzake amene waimika cindodo ca manambala patali. Palibe amene amamuyang'ana kawili, ndipo ena amaganiza kuti ajambula zithunzi. Koma manambala amene alemba m'kabuku kake ndiwo adzagamula ngati madzi a mvula ya January adzapita m'ngalande kapena adzalowa m'nyumba mwanu.

Kacipangizo kaja amakacha levo, ndipo cindodo cija amati staff. Mainjiniya a miseu, maulalo, madamu ndi nyumba ali na zipangizo zambili zodula, koma levo ndiyo imatuluka m'galimoto pafupifupi tsiku lililonse. Nchito yake ni imodzi cabe: kuonetsa kuti malo awa ali pamwamba kapena pansi pa malo aja ndi mamilimita angati. Woyeza amayambila pa cizindikilo cimene msinkhu wake udziwika kale, kawilikawili kacitsulo kokhomeledwa m'konkiliti. Amawelenga nambala pamenepo, mnzake n'kusuntha staff, iye n'kuwelenganso, n'kucotsela. Akafika kumapeto amabwelelanso kumene anayambila. Manambala akakana kugwilizana, ndiye kuti penapake pasokonezeka, ndipo amayambanso, olo dzuwa lili pamutu.

M'mzinda wa mapili, madzi amadzipezela okha njila. Lusaka ni yosiyana. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokela pa nyanja yamcele, koma mbali yaikulu ni yathyathyathya monga thebulo, maka-maka kum'mwela ndi kumadzulo. Pansi pake pali mwala wa laimu umene m'madela ena uli pafupi kwambili, cakuti mukakumba pang'ono piki imalila. Mvula ikalimbikila pakati pa December ndi March, madzi a pansi amakwela, a pamwamba amasowa kolowela. Anthu a ku Kanyama safunika kuwafotokozela zimenezi. Amadziwa mtengo wa majombo caka ciliconse, ndipo amadziwa zimene zimacitika madzi a m'zimbudzi zokumba akasakanizika ndi a m'zitsime. Kolela ya mu 2017 ndi 2018 inavuta kwambili m'makomboni monga Kanyama ndi Chipata, ndipo mu January 2024 odwala anacita kugonekedwa ku National Heroes Stadium.

Pamalo otelo, ngalande imayenda ndi masentimita. Tinene kuti pulani ikuti ngalande izitsika mita 1 pa mamita 200 alionse. Zimenezo zitanthauza theka la sentimita pa mita iliyonse, kutsika kumene diso la munthu silingaone. Wokumba akaphonya ndi masentimita 10 cabe pamalo amodzi, pamakhala cithaphwi m'kati mwa ngalande. Madzi amaima, mcenga umakhazikika, mabotolo a pulasitiki amakodwa, udzudzu umapeza nyumba. Ngalande ya Bombay, imene imatenga madzi a pakati pa tauni kuwapeleka kumpoto ca ku mtsinje wa Ngwerere, inakonzedwa pansi pa pangano la Zambia ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation, la ndalama pafupifupi madola 355 miliyoni za madzi, ukhondo ndi ngalande, limene linatha mu 2018. Pa nchito yaikulu conco, ndalama zonsezo zimadalila kuti pansi pa ngalande pazitsikabe pang'ono-pang'ono kucokela kuciyambi mpaka kumapeto.

Masiku ano pa nchito zikuluzikulu mudzaona total station, makina amene amayeza mtunda ndi makona nthawi imodzi n'kusunga zonse m'kati mwake, ndiponso GPS ya oyeza malo, yolondola kuposa ya m'foni mwanu. Ulalo wa Kazungula, wotalika mamita 923, umene unatsegulidwa mu May 2021, unapindika dala kuti usaloweko m'malile a Zimbabwe ndi Namibia. Kupindika kotelo pamwamba pa Zambezi sikutheka ndi cingwe ndi zikhomo. Koma batili imatha, ndipo makina amagwa. N'cifukwa cake injiniya wabwino saiwala njila zakale. Paipi yoonekela m'kati yodzaza madzi, imene amisili a mabuloko amayenda nayo ku Chalala ndi ku Meanwood, imagwila nchito pa mfundo imodzimodzi ndi levo: madzi a kumbali zonse ziwili amaima pa msinkhu umodzi. Tepi wamba imakupatsani kona yowongoka mukayeza mamita 3 mbali iyi, mamita 4 mbali iyo, ndipo pakati pake n'kupeza mamita 5 ndendende. Cipinda cimene matailosi ake amathela mopendama, kacidutswa kakakulu uku, kakang'ono uko, ndiye kuti wina anacita ulesi pa 3, 4, 5 tsiku loyamba.

Pambuyo pa levo, cinthu cimene injiniya amalimbana naco kwambili ni dothi. Phula limene timaona pamwamba pa mseu ni kakhungu cabe, masentimita ocepa. Mphamvu ya mseu ili pansi, m'dothi ndi gelevo zimene zinatsindilidwa. Amathila mosanjikiza, kawilikawili masentimita 15 nthawi imodzi, n'kuwaza madzi ndi bawuza, ndiyeno lola n'kupitapo kangapo. Madzi akacepa, dothi silimangana. Akaculuka, limangothawa pansi pa lola monga nsima yosakhwima. Kapitawo wozolowela amatapa dothi m'dzanja n'kulifinya: likaumbika popanda kudontha madzi, ndiye kuti lili pafupi. Koma dzanja si umboni. Amakumba kadzenje, kupima kulemela kwa dothi locokamo, kudzaza kadzenjeko ndi mcenga wodziwika kulemela kwake, n'kuwelengela ngati latsindilika mofika pa zimene labu inanena. Cipangizo cina amati DCP: ndodo yacitsulo yosongoka, imene amaikhoma pogwetsa cinyundo ca makilogalamu 8 kucokela pa mamilimita 575, n'kuona kuti ikulowa bwanji. Ikamila msanga, pansi m'pofewa.

Kuyeza kumeneku kumacedwetsa nchito, ndipo kontilakita amene ali kumbuyo kwa nthawi sakukonda. Koma pothole siiyamba tsiku limene mwaiona. Imayamba pamene gawo lina linasiyidwa losatsindilika bwino, kapena pamene mseu sunapatsidwe kamsana pakati kuti madzi azitsikila m'mbali. Madzi akalowa pa kamng'alu, mathilaki amamalizitsa. Mainjiniya amawelengela kuti ekiselo imodzi ikanyamula katundu wowilikiza kawili, imaononga mseu mowilikiza pafupifupi ka 16. Ndiye nchito ya sikelo ya mathilaki ngati ija ya pa Kapiri Mposhi, ngakhale madalaiva amaiona ngati cocedwetsa cabe.

Manje tibwele pa konkiliti, pakuti apa m'pamene ambili a ife timatayila ndalama. Aliyense amene anamangapo adziwa mau aja a anyamata osakaniza: "Bwana, yauma iyi, tiikeko tumadzi." Sanama, konkiliti yamadzi-madzi imapepuka pa fosholo ndipo imayenda yokha m'mapulanga. Vuto n'lakuti simenti imafuna madzi ocepa cabe kuti igwile. Otsalawo amadzauma n'kusiya tumabowo tosaoneka, ndipo mphamvu imatsika. Silabu imaoneka bwino tsiku locotsa mapulanga. Ming'alu imabwela pambuyo, mmisili atalandila kale ndalama zake ndipo foni yake siipezekanso.

Injiniya sakangana na munthu pa nkhani imeneyi, amangotulutsa kacitini kooneka ngati ndowa yopanda pansi, kotalika masentimita 30, kotambalala masentimita 20 kunsi ndi 10 kumwamba. Amadzazamo konkiliti katatu, ulendo uliwonse n'kujoba-joba ndi kandodo kacitsulo ka 25, kenako n'kukweza kacitiniko pang'ono-pang'ono. Mulu wa konkiliti umatsika, ndipo amayeza ndi tepi kuti watsika bwanji. Kuyeza kumeneku amati slump test, ndipo sikutenga mphindi 10. Ukatsika kupitilila malile a m'pangano, thilaki yonse ingabwezedwe. Atelo, amadzazanso konkiliti m'tumabokosi twa masentimita 15 mbali zonse, n'kulemba deti, n'kusunga tumabulokoto m'madzi. Ku labu amatuphwanya ndi makina, twina pa tsiku la 7, twina pa tsiku la 28. Kabuloko ka konkiliti ya giledi 25 kafunika kupilila kulemela kopitilila matani 55 kasanasweke. Tsiku la 7 limangopeleka cenjezo, pakuti nthawi imeneyo konkiliti imakhala itafika pafupifupi magawo awili mwa atatu a mphamvu yake.

Palinso tunthu tumene situgulidwa n'komwe ku hardware. Tumiyala twa simenti tumene amaika pansi pa zitsulo asanathile konkiliti tumathandiza kuti citsulo cikhale m'kati, cokutidwa bwino. Citsulo cikagona pa pulanga, cinyezi cimacipeza, dzimbili limatupa, konkiliti imayamba kugamphuka. Ndiponso silabu yatsopano imafunika kuithilila madzi kapena kuifunditsa masaka onyowa kwa masiku osacepela 7. Mu October, dzuwa la Lusaka lingaumitse pamwamba pake tsiku limodzi, simenti isanamalize kugwila. M'madela amene madzi amagulidwa pa dilamu, anthu amadumpha gawo limeneli, ndipo kaili n'zomveka, koma mtengo wa madilamu ocepa sungafanane ndi wa matumba a simenti amene ali m'silabu yofooka.

Ku ofesi, mapulani amajambulidwa pa kompyuta ndi AutoCAD ndi mapulogalamu ena, ndipo masamu ambili a tsiku ndi tsiku amathela mu Excel. Ophunzila a ku UNZA ndi ku Copperbelt University amatuluka akudziwa zimenezi. Luso limene limabwela mocedwa ndi kuyang'ana yankho la kompyuta n'kunena kuti iyayi, paipi yaing'ono conco singanyamule madzi a dela lonseli. Kompyuta imawelengela zimene mwaipatsa, ndipo siidziwa kuti ngalande ya pa pulani idzakhala ndi mcenga ndi zinyalala mpaka theka ikamafika December. Foni nayo yasanduka cipangizo. Cithunzi ca zitsulo cojambulidwa asanathile konkiliti, cotumizidwa pa WhatsApp, cimasunga deti ndi nthawi, ndipo cathetsapo mikangano yambili.

Komabe buku la pa saiti likalipo. Mmenemo amalemba nyengo ya tsikulo, anthu angati anagwila nchito, makina ati anafa, konkiliti inafika nthawi yanji, ndani analamula kuti asinthe ciani. N'zotopetsa kulemba, ndipo palibe amene amaliwelenga zinthu zikamayenda bwino. Limafunika tsiku limene cipupa cang'ambika kapena kontilakita afuna ndalama zoonjezela ati mvula inamucedwetsa milungu itatu. Ine ndimaona kuti injiniya amene buku lake lili na masiku odumpha-dumpha ni wofunika kumuyang'anitsitsa kuposa amene ali na makina akale.

Cina cimene sicilembedwa pa mndandanda wa zipangizo ni pakamwa. Mapangano ndi mapulani amalembedwa m'Cizungu, koma amene agwila fosholo ndi vibrator amalankhula Cinyanja, Cibemba kapena Citonga. Injiniya afunika kufotokozela mnyamata wa pisiweki cifukwa cake sayenela kuponda zitsulo zomangidwa kale, m'mau amene adzawakumbukila iye atacokapo. Afunika kukamba ndi amayi a pa msika amene matebulo ao ali pamene padzapita ngalande, ndi kufunsa a Zesco ndi a kampani ya madzi kumene zingwe ndi mapaipi zinadutsa cimakina cisanayambe kukumba. Cinthu covuta koposa ni kukana. Mtsikana wa zaka 26 amene wangocoka ku yunivesite amafunika kuuza kapitawo wa msinkhu wa atate ake, mwaulemu wonse, kuti gawo ili likumbulidwe liyambidwenso. Kapitawoyo angakhale kuti anayamba nchito iye asanabadwe, ndipo nthawi zambili amadziwadi zambili. Koma siginecha imene ili pa pepala ni ya injiniya, ndipo cinthu cikagwa adzafunsa iye.

Lamulo la dziko lino limafuna kuti aliyense wogwila nchito ya uinjiniya akhale wolembetsa ku Engineering Institution of Zambia ndipo akhale na laisensi ya caka cimeneco. Makontilakita amalembetsa ku National Council for Construction, m'magiledi 1 mpaka 6, giledi 1 ndiyo ya nchito zikuluzikulu. Ngati mumanga nyumba yosanja kapena mashopu pa puloti yanu, muli na ufulu wopempha kuona mapepala amenewa. Mufunsenso kuti pansi pa nyumba padzakhala pamwamba pa mseu ndi masentimita angati, ndipo madzi a pa malata ndi a pa yadi adzatulukila kuti. Muuzeni akuonetseni ndi levo kapena ndi paipi ya madzi, musanagule thumba loyamba la simenti. Mu August ndi September, dambo la kunja kwa tauni limaoneka ngati malo ouma abwino-bwino.