Amene amaphunzitsa mabwana kusamala anthu

“Nyamuka, usabwerenso mawa!” Mawu otere akatuluka m'kamwa mwa kapitawo amene wapsa mtima, kampani imakhala yadziputira mlandu. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limaletsa kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayambe wamvedwa mbali yake. Mabwana ambiri amazizindikira izi samani ya ku Industrial Relations Court itafika kale pa desiki.

Apa m'pamene amasaka nambala ya mlangizi wa za ogwira ntchito, yemwe m'maofesi amangoti wa HR.

Mlangiziyu amayenera kudziwa malamulo pamtima: kuti maola a ntchito pa sabata asapyole 48, kuti mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro onse, komanso kuti wolemba ntchito amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro ku penshoni, wantchito n'kuikapo 5.

Koma mtima wa ntchitoyi uli pophunzitsa atsogoleri, ndipo mpake. M'makampani ambiri munthu amakwezedwa chifukwa cha luso la m'manja. Makaniko wodziwa injini amadzuka tsiku lina ali woyang'anira anzake khumi omwe dzulo lake ankadya nawo chimanga chootcha pa geti. Palibe adamuphunzitsapo kudzudzula munthu osamunyoza, kugawa ntchito mosakondera, kapena kuyankha wantchito amene wabwera ndi uthenga wa maliro kachitatu mwezi umodzi. Mphunzitsi waluso sataya nthawi ndi zolemba pa bolodi. Amaika mipando iwiri kutsogolo, wina akhale bwana, wina wochedwa kuntchito, akambirane anzawo akuonerera. Kapitawo amadzimvera yekha mmene mawu ake amalasira, ndipo ena amaweramitsa nkhope.

Olowa ntchitoyi ambiri amayambira mu ofesi ya HR, kusunga mafayilo ndi kukonza malipiro, asanaime paokha. Kwa zaka zambiri akuluakulu a boma ndi a makampani ankasulidwa ku Malawi Institute of Management ku Kanengo ndi ku Staff Development Institute ku Mpemba; sukulu ziwirizi zidaphatikizidwa kukhala Malawi School of Government. Akatswiri a ntchitoyi alinso ndi bungwe lawo, Institute of People Management Malawi.

Chodetsa nkhawa ndi maphunziro a kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, komwe ena amapitira alawansi, Lolemba n'kubwerera ku zakale. Mlangizi wosamala dzina lake amalemberatu m'pangano kuti adzabweranso pakatha miyezi itatu, ndipo akafika amayamba wacheza ndi alonda ndi amesenjala asanalowe mu ofesi ya bwana.